Nyemba za Tsiku Limene Achemwali Anauluka

Fungo la nyemba zikuwira limandibwezera kwathu ku Mphunzi, nyengo yozizira ya chaka chimene achemwali anga a Agata anakwera ndege. Inali nthawi yokumba kachewere. Chifunga chinkagona m'mapiri mpaka dzuwa litakwera, ndipo ana tinkayenda ndi milomo yotuwa ngati tanyambita phulusa.

Masisitere a ku mishoni anawapezera achemwali malo ophunzira unamwino ku Nairobi. Mudzi wonse unakondwa kupatula amayi. Mlongo wawo anapita ku Halale wapansi, atasenza kamba wa masabata, ndipo anatchona, moti ngakhale manda ake sitiwadziwa. Kwa amayi, mwana wodutsa malire anali wotayika. Anakana kwamtuwagalu, ndipo popanda chala chawo papepala ulendowo ukanafera m'mazira.

Achemwali sanalire. Tsiku lina tikusankha nyemba palichero anangoti, "Amayi, mutatereka nyembazi ndege ikunyamuka pa Chileka, pomwe zizipsa ine ndatera kale ku Nairobi."

"Usandipusitse iwe," anatero amayi. "Dziko la eni lifupike kuposa pa Boma?"

Pa Boma tinkayenda wapansi m'mawa wonse. Amayi anakhala masiku awiri akutafuna nkhaniyo. Mamailosi sankawadziwa, koma nyemba palibe akanawaphunzitsa. Tsiku lachitatu anadinda chala.

Achemwali anapita ku Blantyre pabasi, khadi la chipani ndi kolona zili m'chikwama. Anatiuza kuti ndege idzanyamuka Lachinayi, belu la masana likamalira kutchalitchi. Tsikulo amayi sanapite kumunda. Belu litangoti nge, anatereka mphika n'kundiuza kuti ndisonkhezere moto.

Ine, kamtsikana kamakani kosadziwa kanthu, ndinamva zanga. M'mutu mwanga motowo ndiwo unkanyamula ndege, ndipo ukanazima achemwali akanagwa. Nkhuni zinali zaziwisi. Ndinauzira mpaka maso kufiira, utsi ukundiliza, mamina ali chuchuchu. Mkodzo unandipana koma sindinasunthe. Nkhuni zitachepa ndinazula udzu wa mpanda, kenako ndinaponyamo mpini wa khasu la abambo. Ndinali ndi mantha amene sindinawamvenso chikhalire.

Amayi ankabwera kawirikawiri, kuvuula nyemba imodzi, kuifinya ndi zala, n'kupukusa mutu. Mthunzi wa nkhokwe utafika pakhonde, nyemba ija inaphwanyika mosavuta. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pansi, misozi ikutsika uku akuseka.

"Wafika mwana wanga," anatero. "Ndiye kuti pobwera n'chimodzimodzi."

Za mpini zija abambo anandikalipira, koma ndinalibe nazo ntchito, poti ndinali nditafikitsa munthu ku Nairobi. Kalata yoyamba inatipeza patapita masabata, ndipo achemwali anabweradi maphunziro atatha, atanenepa, ali ndi kawotchi kopachika pachifuwa.

Lero ndikudziwa kuti ndege ija sinkaudziwa moto wanga, ndiponso kuti mwina inachedwa kunyamuka ife tikufinya nyemba. Ndikudziwanso kuti amayi sankafunsa kutalika kwa Nairobi, ankafuna kudziwa ngati mwana angabwerereko. Komabe mwana wanga akakwera ndege ndimatereka nyemba, ndipo motowo sindisiyira munthu.