Zisa za Mbewa Zoyera

Tsiku la mayeso a sayansi, mtsikana wina anapezeka atagona pansi m'bafa la sukulu, tsaya lili pa simenti, mawondo atawakumbatira pachifuwa. Anzake anali mkati akulemba. Iye anangoyankha mafunso awiri, kenako m'mimba munayamba kupota ngati wina akufinya nsalu yonyowa. Belu linalira akadali pomwepo, ndipo zotsatira zitatuluka analephera.

Kunyumba anali ndi dzina kale: Nagona. Anamupatsa ndi azakhali ake amene ankamulera, chifukwa mwezi uliwonse akayamba kusamba ankagona masiku atatu, nthawi zina anayi.

"Akazi tonsefe timasamba, mwana iwe," ankatero azakhaliwo. "Ukadzabereka zidzatha zimenezi. Dzuka usese."

Ine ndimutchula dzina lomwelo, pakuti masiku ano mwiniwake amangoliseka. Koma nthawi imeneyo linkamulasa mtima, ndipo ine zimandikwiyitsabe ndikaganiza kuti mwana wodwala ankamutenga ngati waulesi.

Anagwirako ntchito m'sitolo, anamuchotsa. Anagwirako mu saluni, anamuchotsanso. Bwana uti angapirire wantchito amene amasowa masiku atatu mwezi uliwonse? Choncho Nagona anaphunzira luso limodzi: kubisa. Bwana akamadutsa ankaimirira njo, n'kumwetulira. Akangotembenuka, iye ankatsamira shelefu, thukuta lili kamukamu.

Patatha zaka zisanu ndi zinayi akuzungulira m'zipatala n'kumangopatsidwa mapiritsi opha ululu, dokotala wina anamupima bwinobwino n'kumuuza kuti matenda ake ali ndi dzina: endometiriyosisi. Minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake, ndipo mwezi uliwonse imatupa n'kumapweteka. Anati mankhwala ochepetsa ululu alipo, koma ochiritsiratu sanapezeke. Nagona analira panjira yonse, theka chifukwa cha chisoni, theka chifukwa chosangalala kuti sanali wabodza.

Chaka chotsatira anapeza ntchito yoyeretsa m'labotale ya payunivesite, m'chipinda chosungira mbewa zoyera. Munali mabokosi apulasitiki makumi awiri ndi anayi, lililonse ndi mbewa yake ndi nambala yake. Ntchito yake inali kufika m'mamawa, kuvala magolovesi, kusintha utuchi, kudzaza timabotolo ta madzi, ndi kuika timapepala tong'ambang'amba toti mbewa zizimangira zisa.

Sabata yoyamba anawerenga chikwangwani cha pakhomo. Mbewa zimenezo zinali ndi matenda ake omwewo. Ofufuza anali ataziika minofu ija m'mimba kuti ayese mankhwala atsopano. Theka la mbewazo linkalandira mankhwala, theka linkalandira madzi chabe, ndipo palibe ankadziwa kuti iti ndi iti. Mndandanda wake unali mu envelopu yomata, m'kabati ya Pulofesa, mkulu wa kafukufukuyo.

Nagona sanauze aliyense za matenda ake. Ankaopa kuti amuchotsanso.

Masana aliwonse ofufuza ankabwera atavala zoyera, akucheza mokweza. Ankatulutsa mbewa imodziimodzi, kuikhudza pamimba ndi kaulusi kolimba, n'kulemba ngati yadzidzimuka. Miyezi itatu inatha. Mbewa zonse zinkachita chimodzimodzi, kungouma gwa m'manja mwa munthu. M'mabuku mwawo simunkaoneka kusiyana kulikonse.

Lolemba lina Pulofesa analowa nkhope ili yakugwa. Anauza ofufuza kuti Lachisanu kafukufuku atsekedwa, mankhwalawo aikidwa pambali ngati osathandiza, ndipo chipinda cha mbewa chitsekedwa nawo. Nagona anamva zonsezi ali pakona ndi mopu m'manja. Ntchito inali kumuthera, inde, koma chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti iye ankadziwa kuti mbewazo sizinali zofanana.

Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mamawa, chipinda chili zii, Nagona ankaona zimene ofufuza a masana sankaziona. Mbewa zina zinkatola timapepala tija n'kumanga chisa chozungulira, chachitali, chokhala ndi kakhomo. Zina zinkangotisiya mbwee, n'kudzipinda pakona, msana utakwera, maso atatsinzina pang'ono. Kagonedwe kameneko iye sanachite kufunsa munthu tanthauzo lake. Ndipo posintha utuchi ankataya zisa zonse, monga mwa malangizo, moti ofufuza akamafika ankapeza mabokosi onse oyera, ofanana ngati mapasa.

Masiku awiri analimbana ndi mtima wake. Woyeretsa wolephera mayeso akauze chiyani Pulofesa? Lachitatu anasiya mabokosi osasintha, n'kukagogoda pa ofesi.

"Pepani bwana, ndine woyeretsa ku mbewa. Ndimati mubwere mudzaone kanthu."

"Yathawa mbewa ina?" anafunsa Pulofesa, maso ali pa kompyuta.

"Ayi bwana. Koma mbewa zanu zija zimakunamizani."

Pulofesa anavula magalasi. "Mbewa kunama? Mayi, ndakhala nazo zaka makumi awiri."

"Inu mumabwera masana, mumazigwira. Chinthu chodwala chikaona wamkulu chimadzilimbitsa, bwana. Chimadikira achoke kaye." Kenako anapitiriza. "Ndikudziwa chifukwa matenda amenewa ndili nawo. Inuyo mwandidutsa kangati m'chipinda cha mbewa chija ndikumva ululu? Munaonapo kanthu?"

Pulofesa anaimirira. Kenako anati, "Sindinaonepo. Tiyeni."

Analowa mwakachetechete, osagwira bokosi lililonse. Nagona ankangoloza ndi chala: iyi yamanga, iyi sinamange, iyi inayamba kumanga sabata yachitatu. Pulofesa anamupatsa pepala kuti alembe manambala a mbewa zimene zinkamanga bwino masiku onse. Analemba khumi ndi imodzi, osakayika ngakhale pa imodzi.

"Envelopu sinditsegula lero," anatero Pulofesa. "Tsiku lake ndi Lachisanu, pamaso pa onse. Pepala lanuli sainani, ndilitsekera limodzi."

Lachisanu ofufuza anasonkhana. Nagona anaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene munthu angathawire msanga zinthu zikavuta. Ena ankamuyang'ana chamseri, akudabwa kuti woyeretsa akufunanji pamsonkhano. Pulofesa anang'amba envelopu, n'kuika mapepala awiri aja pamodzi. Anawerenga nambala yoyamba: ya mankhwala. Yachiwiri: ya mankhwala. Anatsika mpaka pansi, chala chikuyenda pang'onopang'ono.

Pa mbewa khumi ndi imodzi zimene Nagona analemba, khumi zinali zolandira mankhwala.

Wofufuza wina anayamba kuseka yekha, atagwira mutu. Pulofesa anatembenukira kuchitseko n'kunena kuti, "Mayi, bwerani kutsogolo kuno. Ife takhala tikufunsa mbewa pa nthawi yolakwika. Kuyambira Lolemba mutiphunzitse kuona."

Kafukufuku sanatsekedwe. Anamuyambiranso ndi mbewa zambiri, ndipo tsopano zisa zinkajambulidwa m'mawa uliwonse munthu asanagwire bokosi. Pulofesa anamukakamiza Nagona kubwerera kusukulu. Ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi anakhala m'kalasi ndi ana oti akanatha kuwabereka, ndipo anakhoza. Lero ndi katswiri wothandiza ofufuza m'labotale yomweyo. Masiku amene thupi lamukanika amanena poyera kuti lero sindili bwino, ndipo palibe amamuyang'ana ndi diso loipa.

Ndisakunamizeni, abale anga. Mankhwala aja sanafike kwa anthu. Mbewa si munthu, ndipo zambiri zimene zimathandiza mbewa zimakathera panjira. Nagona amadziwa zimenezi kuposa ine ndi inu, ndipo ululu wake umabwerabe mwezi uliwonse. Nditamufunsa ngati sizimufooketsa, anayankha akuvala magolovesi: "Mwina ine sindidzamwa nawo. Koma akanawataya Lachisanu lija, palibe akanadzamwa."

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi chinthu chimene chakugwetsani kambirimbiri, anthu n'kumati n'chibwana. Mwina muli pantchito imene anthu sakupatsani n'komwe moni. Musadziderere. Zimene mwaphunzira m'masautso anuwo, ena anapita kusukulu zaka makumi awiri osazidziwa. Gwirani ntchito yanu ndi maso otsegula, ndipo tsiku lolankhula likafika, gogodani pachitsekocho. Osataya mtima, pali anthu amene akudikira chimene inu nokha mwaona.