Nthunzi, Osati Utsi

Chaka changa chachiwiri ku Rotherham, tauni ya kudziko la azungu, ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Mmodzi mwa anthu amene ndinkawayendera anali bambo achizungu amene anakalambira m'fakitale yosungunula zitsulo. Mapapo awo anali atatha, manja ankanjenjemera, ndipo miyendo inkawapweteka moti nthawi zina ankaluma pilo.

Tsiku lina masana nditawapatsa tiyi, anatulutsa m'thumba la juzi kachitsulo kotalika ngati cholembera, kokhala ndi kachivindikiro kumapeto, komanso laitala ya gasi yotulutsa moto wabuluu wosongoka. Atatsegula kabotolo kena, fungo lokha linandiuza. Chinali chamba.

Mapepala anga okhalira m'dzikomo anali a zaka zowerengeka, ofunika kukawonjezera, ndipo dzina langa likanangofika kupolisi, zonse zikanathera pomwepo.

"Bambo, izi musamachite ine ndili pano," ndinatero.

"Sindikusuta ayi, mwana wanga," anayankha. "Utsi ungandiphe. Kameneka sikawotcha."

Anandifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa munthu watsopano pantchito. Masamba akatenthedwa pang'ono, anatero, amatulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo ndi imene imaziziritsa ululu. Kutentha kukapitirira amayaka, n'kusanduka utsi ndi phulusa. Mpata wa pakati pa ziwirizi ndi waung'ono kwambiri. Moto suyenera kukhudza masamba amene waika m'kachitsulomo, umangotenthetsa chivindikiro, uku ukuzunguza chitsulocho ndi zala kuti mbali imodzi isapse. M'chivindikiromo muli kachitsulo kopyapyala kamene kamapindika kakatentha, n'kulira kuti "ke!" Ukangomva, chotsa moto.

Ndinakana kuwathandiza. Iwo anayatsa okha. Dzanja linagwedezeka, lawi linadutsa pabulangete la pamawondo pawo, ndinamva fungo la ubweya wowauka. Ndinawalanda laitalayo ndisanaganize n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo, woyatsa ndinali ine.

Ndinkayamba ndatseka makatani. Ndikamaliza ndinkasamba m'manja kawiri ndi sopo, komabe m'basi munthu akandiyang'ana ndinkati wanunkhiza. Lamlungu kutchalitchi ndinkaimba nawo pamodzi ndi amayi anzanga, koma panalibe amene ndikanamuuza.

Zinavuta Lachinayi lina. Ululu unali utawagwira kuyambira m'mawa, ndipo atakoka kamodzi anati ndibwereze msanga. Anali atandichenjeza kale kuti chitsulocho chiziyamba chazizira mpaka chilirenso kachiwiri, apo ayi ukachitenthetsa sichilira. Ine ndinaiwala. Pa wailesi yakanema panali mpikisano wa mahatchi, wolengeza akukuwa, ndiye ndinkati phokosolo ndi limene likundilepheretsa kumva. Ndinapitiriza kuzunguza pamoto. Kenako ndinawapatsa.

Anakoka mwamphamvu. Chimene chinatuluka m'kamwa mwawo chinali utsi weniweni, wokhuthala, wonunkha ngati udzu wopsa. Anatsokomola mpaka kupindika, maso ali tong'o, mpweya osalowa. Milomo inayamba kuda. Alamu ya utsi ya padenga inayamba kulira.

Ndimachita manyazi kunena izi, koma ndinaima ndi foni m'manja, chala chili pa nambala ya ambulansi, ndikuganiza za mapepala anga. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Bamboo anamenya tebulo ndi chikhatho, ndiye ndinaimba. Ndikuyankhula ndi wa pafoniyo ndinawakhazika tsonga, n'kuwapopera mankhwala awo opumira.

Ambulansi inabwera ndi anthu awiri. Mayi amene ankatsogolera anawaveka chopumira kumaso, kenako anaona kachitsulo kaja patebulo, chifukwa ndinalibe nzeru zokabisa.

"Mwasuta?" anawafunsa.

Bamboo anakankha chopumiracho pang'ono. "Ndapsereza ndekha," anatero. "Manjawa."

Mayiyo analemba, n'kuwauza kuti ndi mapapo amenewo asiye kusewera ndi moto. Ine anangondifunsa nthawi imene chifuwacho chinayamba.

Anagona kuchipatala masiku awiri. Masiku amenewo munthu akagogoda pachitseko cha aneba ndinkadzidzimuka. Tsiku lachitatu mwana wawo wamkazi, amene ankakhala ku Newcastle, anandiimbira. Ndinamuuza zoona zonse, kuti woyatsa ndinali ine.

"Bambo sakanayenera kukusenzetsani zimenezo," anatero. "Ndiyankhula nawo."

Sabata yotsatira anabwera ndi kachipangizo kena kamagetsi, kopanda lawi, kochita kutchera mlingo wa kutentha ndipo sikapitirira pamenepo. Bamboo ankakanyoza kuti n'kachidole, koma ankatha kudina batani lake okha. Ndinawasamalirabe mpaka nyengo yozizira yotsatira, pamene anawasamutsira kunyumba yosungirako okalamba pafupi ndi mwana wawoyo. Akatulutsa kachipangizo kawo, ine ndinkapita kukhitchini kukatsuka makapu.