Pini ya a Sichithyoka

Bambo anga amadana ndi chinthu chothyoka. Anthu ena amadana ndi bodza, ena mowa, koma iwo akangoona mpando wogwedera mwendo, tsiku lawo lawonongeka. Ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo mu shedi ya malata kuseri kwa msika, ndipo kwa zaka makumi atatu mawu awo akamapereka katundu kwa mwini wake ndi amodzimodzi: "Ichi sichithyoka." Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense amawatcha a Sichithyoka, ngakhale amayi akapsa mtima.

Kwathu zinthu zonse n'zolemera. Bedi limene ndinakulirapo limafuna amuna anayi kuti lisunthe. Mpando wa alendo uli ndi miyendo ya paipi, ndipo mlendo akafuna kuukokera pafupi ndi tebulo amangosiya, n'kusendera yekha. Poto wa amayi anaduka chogwirira kamodzi kokha. Chimene bambo anaikapo chidzakhalapo potoyo atabooka, ife tonse titapita.

Ine ndimawolotsa anthu pamtsinje. Boti ndi injini yake anandisiyira malemu amuna anga, ndipo ana anga awiri amadya kuchokera pamenepo. Kumunsi kwa injiniyo kuli pulopela, chitsulo cha mapiko atatu chimene chimazungulira m'madzi n'kumakankha boti. Pulopela imalowa pa shafti, ndodo yachitsulo imene injini imazunguza, ndipo chimene chimagwirizanitsa ziwirizi ndi kapini kakafupi, konenepa ngati msomali wamba. Pulopela ikagunda chitsa, kapiniko kamathyoka. Injini imangolira, koma boti siliyenda.

Madzi akatsika m'chilimwe, zitsa zimene zimagona pansi zimayandikira pamwamba. Chaka china ndinathyola mapini anayi mwezi umodzi. Nthawi iliyonse kunali kutukula injini pakati pa mtsinje, kuvula pulopela ndi pulayala, uku madzi akutitenga, uku apaulendo akundiphunzitsa ntchito yanga. Mapiniwo amapezeka m'sitolo imodzi yokha, nayonso mwa apo ndi apo. Anzanga ena apadoko ankangodula misomali n'kulowetsapo.

Tsiku lina ndinadandaula bambo akumva. Anatenga zidutswa za pini, n'kuzigubuduza pachikhatho ndi chala.

"Anthu anzeru zopanga injini yonseyi alephera kupanga pini?" anatero. "Kuba kumeneku, mayi. Akufuna muzipita kukagula tsiku ndi tsiku."

Anapeza valavu ya injini ya galimoto, chitsulo chimene ngakhale sowo amachiopa, n'kuipala masiku atatu mpaka inafanana ndi pini ya m'sitolo. Ataimaliza anaiika pansi n'kuimenya ndi hamala ine ndikuona. Hamalayo ndiyo inatsala ndi chipsera. Kenako ananena mawu awo aja, ine n'kuseka, n'kuitenga.

Ndisaname, miyezi iwiri ndinadyerera. Ndinkadutsa pamene anzanga ankazungulira, pulopela ikakhudza kanthu boti n'kungonjenjemera n'kupitirira. Ndinayamba kudzitama padoko, ndipo awiri anandipempha kuti ndikawanenere kwa bambo. Mwamwayi bambo anali ndi mageti a sukulu oti amalize.

Chitsa chimene chinandigwira ndimachidziwa bwino, chili pafupi ndi bango la tsidya lija. M'mawa umenewo ndinanyamula anthu khumi ndi njinga ziwiri. Ndinamva kugunda, kenako phokoso limene ndinali ndisanalimvepo, ngati munthu akutafuna miyala. Mafuta akuda anayamba kuyandama kumbuyo kwa boti. Tinafika kumtunda ndi nkhafi.

Injini ndinapita nayo ku shedi pa wilibala. Bambo atatsegula kumunsi, mano a magiya anagwera m'manja mwawo, tizidutswatizidutswa. Iwo anawaika pambali, n'kusolola pini yawo ija, kuipukuta pa ovolosi, n'kuiyang'ana cha kuwala kwa pakhomo.

"Taona, mayi," anatero. "Sinapindike n'komwe."

Mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera kwa amayi, ndipo tsiku limenelo sindinaugwire. Ndinawafunsa ngati adzukulu awo azidya pini. Ndinawauza kuti injiniyo ndi chinthu chokhacho chimene mwamuna wanga anasiya chikupuma. Pomaliza ndinati, "Musadzagwirenso injini yanga, bambo. Ngakhale kuipukuta fumbi."

Anapukuta manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. "Chabwino," anatero.

Ndinaitengera kwa makaniko wa padoko. Iye anangoona magiyawo n'kupukusa mutu. "Mlongo, pini ija anaipanga yofooka dala. Imathyoka kuti magiya apulumuke. Inu mwapulumutsa pini." Zipangizo zinatenga milungu isanu kuti zifike. Nthawi yonseyo ndinkapalasa ndi nkhafi, anthu anayi paulendo m'malo mwa khumi, manja matuza okhaokha, ndipo ku shedi sindinapondeko.

Amayi ndiwo anakafikitsa mawu a makaniko kwa bambo. Iwo amati ankayembekezera kuti mwamuna wawo akwiya kapena achita manyazi. Koma bambo anaiwala tiyi mpaka anazizira m'kapu, kenako anafunsa kuti, "Nanga imadziwa bwanji nthawi yothyoka?"

Patapita masiku amayi anabwera kwathu, n'kukhala pa khonde osavula nsapato.

"Bambo ako akupempha pini imodzi ya m'sitolo."

"Ndatsala ndi mapini atatu okha, amayi. Akufuna atani nayo?"

"Akuti aithyole."

"Athyole? Bambo?"

"Ndi zimene ndamva ine. Kapu yanga yabuluu anatenga kale, ndowa yochapira anatenganso. Uwapatse, mwina zinthu zanga zingabwerere."

Ndinawapatsa. Mkwiyo unalipobe, koma funso linandilowa m'mutu ndipo silinatuluke: ndowa ndi kapu zikugwirizana bwanji ndi pini? Ndinapirira mlungu umodzi. Loweruka ndinanamizira kukagula sopo kumsika, n'kudzera kuseri.

Pakhomo pa shedi ndinapeza telala woyandikana nawo ndi mayi wina wogulitsa makala ataima, akusuzumira m'kati. Bambo anali atapana shafti yakale pa vayisi. Pa shaftiyo panali pulopela yakutha imene anatola ku zitsulo zotayidwa, ndipo pa pulopelayo anawotchererapo paipi yotalika ngati mkono wotambasula, yoloza cham'mbali. Kumapeto kwa paipi kunkalendewera ndowa ya amayi. Ankalowetsa pini, n'kuyamba kuthira madzi m'ndowamo ndi kapu yabuluu, imodziimodzi, akuwerenga mokweza. Ndowa ikalemera mokwanira, pini inkati thyo, ndowa n'kugwa, madzi n'kumwazikira m'mapazi mwawo. Akatero ankalemba nambala pachitseko ndi choko.

Anandiona, koma sanandilonjere ngati munthu amene tinayambana. Anangondikodola.

"Mayi, tabwera uone. Ya m'sitolo ija yathyoka pa makapu 38. Misomali imene anzako amaika, wina 24, wina 61, yochokera m'paketi imodzi. Msomali ulibe khalidwe."

"Nanga yanu ija?"

Anakanda m'mutu. "Ndowa inadzadza. Ndinawonjezera njerwa. Kenako ndinalendewera ndekha. Inapindika ndi paipi."

Telala anaseka mpaka kugwira chitseko. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, chifukwa ndinali ndisanamalize kukwiya.

Chimene bambo ankafuna tsopano ndi pini yawoyawo yothyoka pa 38, osati 30, osati 45. Anasankha ndodo za mkuwa zimene amawotcherera nazo, n'kumazidula tizidutswa, n'kumalemba timizere tiwiri ndi tupa pamalo pamene pini iyenera kudukira. Mzere ukazama, 20. Ukachepa, 50. Anapanga kachitsulo koletsa tupa kuti isalowe kupitirira muyeso, kenako anakataya n'kupanga kena. Anapeza kuti mkuwa wotenthedwa n'kuziziritsidwa umathyoka mosiyana ndi wosatenthedwa, ndipo zimenezi zinawadyera masiku anayi. Chitseko chinadzadza manambala mpaka anayamba kulemba pakhoma. Telala anasiya makina ake n'kumalosera, ndipo akalondola ankayenda monyada tsiku lonse.

Ndinayamba kudzerako madzulo aliwonse ndikaweruka. Chinthu chimodzi ndinachiona: pini ikati thyo, bambo ankatsinzina ndi kukweza mapewa, nthawi iliyonse, ngakhale ya nambala handiredi.

"Simunazolowerebe?" ndinawafunsa.

"Zimandipweteka m'mano," anatero. "Moyo wanga wonse ndimadziwa kuti chinthu chikathyoka ndiye kuti wina walakwitsa. Pano ndikulimbana kuti chithyoke, ndiye chikukana kuthyoka bwino. Kulimbitsa n'kosavuta, mayi, umangowonjezera chitsulo. Izi ndiye ntchito."

Mlungu umene injini inabwerako kwa makaniko, mapini khumi otsatizana anathyoka pakati pa 37 ndi 39. Bambo anabwera kunyumba kwanga atavala malaya oyera, n'kuika mapini atatu okulunga m'pepala patebulo. Injini inali itatsamira pakona pabalaza pomwepo. Anaima chapatali, manja kumbuyo, maso kwina, ngati kuti pakonapo pali munthu akuvala.

"Mu shedi imathyoka," anatero. "M'madzi sindikudziwa. Ndowa imakoka pang'onopang'ono, chitsa chimamenya kamodzi. Kuti tidziwe, pafunika kugunda chitsa dala. Ukakana sindidandaula."

Ndinachita mantha, ndinene zoona. Pini ikakana kuthyoka, magiya atsopano apita, ndipo ndibwerera ku nkhafi. Masiku awiri pepalalo linakhala patebulo. Amayi anadzandiuza kuti bambo anasiya kuimba mluzu pogwira ntchito kuyambira tsiku lija ndinawakalipira, ndipo shedi yopanda mluzu wawo imawasowetsa mtendere. Koma chimene chinandigonjetsa si chisoni chokha ayi. Nanenso ndinali nditawerenga makapu aja milungu itatu, ndipo ndinkafuna kudziwa.

Pini ndinaiika ndekha, Lamlungu masana, padoko palibe anthu ambiri. Ndikukankha boti, ndinaona bambo akuvula nsapato. Munthu ameneyu wawotcherera maboti a anthu zaka zonsezi, koma sanakwerepo ngakhale limodzi. Sadziwa kusambira, ndipo amati chinthu chimene pansi pake palibe maziko sangachikhulupirire.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Ndikufuna ndimve ndi makutu anga."

Ndinawaveka jekete yoyandamitsa, n'kuwakhazika pathabwa la kumbuyo, pafupi ndi ine. Anagwira m'mbali mwa boti ndi manja onse awiri. Ndinalunjika pa chitsa changa chija cha pa bango. Dzanja linkafuna kukhota lokha, chifukwa zaka zonsezi laphunzira kuthawa malo amenewo. Ndinaligwira ndi linzake.

Boti linagunda, ife n'kudzandira. Kenako injini inalira mokweza, mopepuka, kulira kwa injini imene sikukankha kanthu. Ndinaizimitsa. Ndinayang'ana kumbuyo, madzi anali oyera, opanda dontho la mafuta. Ndinatukula injini, pulopela n'kutuluka m'madzi ikudontha, ndipo nditaikankha ndi chala inazungulira yokha.

Madzi anayamba kutitenga pang'onopang'ono. Ndinatulutsa pulayala m'thumba. Bambo anali atasiya kugwira m'mbali mwa boti. Khosi linali litatalika, maso ali pa pulopela, milomo ikuyenda. Koma manja anali atawapana pakati pa mawondo, ndipo ndinazindikira kuti akhala choncho mpaka titafika kumtunda, chifukwa nditawaletsa kugwira injini anati chabwino, ndipo chabwino wa bambo anga sathyoka. Ndinamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi.

Ndinatembenuza pulayala, n'kuwalozetsa chogwirira.

"Bambo, tavulani pulopelayo. Ine manja akunjenjemera."

Anandiyang'ana kaye, kuti aone ngati ndikunena zoona. Kenako anapukuta manja pa jekete, n'kulandira. Anagwada m'boti logwedera lija osakumbuka kuti pansi pake pali madzi, anavula pulopela, n'kugwedezera zidutswa zitatu za mkuwa pachikhatho. Zinaduka pa timizere tija ndendende. Anazungulitsa shafti ndi zala, khutu ataligunditsa pa chitsulo, kumvetsera magiya dzino ndi dzino.

"Ali moyo," anatero. Anayang'ananso zidutswa zija nthawi yaitali. "Yathyoka bwino, mayi."

Anazikulunga m'kampango n'kuziika m'thumba la malaya. Pini yachiwiri anaiika okha, ndipo pomanga pulopela ndinamva mluzu uja ukuyamba, chapansipansi. Dzanja lawo linakhala pa chivundikiro cha injini mpaka tinafika padoko.