Khwekhwe m'Kathumba ka Nyemba

Mdzukulu wanga wabwera kuchokera ku sikola ndi buku la nthano za kumaiko ozizira akumpoto. Wandiwerengera za mfumu ya mtundu wa Ahuni imene inaitanira alamu ake kuphwando kuti iwaphe n'kulanda chuma chawo. Mkazi wake anawatumizira mphete yokulungidwa ndi ubweya wa mmbulu powachenjeza, koma anabwerabe. Ndamuuza kuti atseke bukulo.

Ndili mwana, nthawi ya nkhondo, atsibweni anga anawoloka malire kuthawira ku Dedza, n'kusiya ng'ombe zawo m'khola mwathu ku Lifidzi. Bambo anazolowera kuzitcha zawo. Tsiku lina anatumiza uthenga woti kwakhala bata, alamu abwere adzamwe mowa. Amayi anapatsa wamthengayo kathumba ka nyemba, ndipo ndinawaona akubisamo khwekhwe lotchera nkhwali.

Atsibweni anafika masana, njinga ili matope okhaokha. Pabwalo pankanunkha masese ndi utsi wa nkhuni zaziwisi. Kuseri kwa khola kunakhala amuna awiri achilendo, mfuti zili pamiyendo, akudya mbatatesi zimene bambo anawaotchera.

"Takulandirani, alamu," anatero bambo, maso ali pansi.

Amayi anagwada ndi chikho kuti athirire atsibweni madzi osamba m'manja.

"Achimwene, kathumba kaja simunamasule?" ananong'ona.

Atsibweni anatulutsa khwekhwe lija m'thumba la kazako, jekete lawo, naliika pachitenje cha amayi.

"Ndinaliona, mlongo wanga. Koma ndikanapanda kubwera, amuna ako akanadziwa kuti wandiuza ndiwe."

Kenaka anasamba pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, mpaka madzi anatha m'chikho.