Mmene ndinaphunzirira kutsutsa munthu wamkulu

Kwathu anandilera kuti munthu wamkulu satsutsidwa. Akanena kuti lero kugwa mvula, iwe umati "inde" ngakhale kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Khalidwe limeneli ndinafika nalo ku London lili lathunthu, ndipo linandithandiza nditayamba ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Woolwich. Achibale a okalambawo ankandiyamikira kuti ndine mayi waulemu, ine n'kumadzimva.

M'chipinda chodyera, pa tebulo lapafupi ndi zenera, pankakhala anthu awiri. Wina anali bambo wamtali amene kale ankakonza mabasi, winayo mayi wamfupi amene anali mphunzitsi. Awiriwa ankakangana nkhani imodzi yokha, m'mawa, masana ndi madzulo: ngati kunali koyenera kuponya mabomba a atomiki pa Hiroshima ndi Nagasaki. Bambowo ankati kunali koyenera. Bambo awo owabereka anali mkaidi wa nkhondo m'manja mwa asilikali a Japan, atatsala mafupa okhaokha. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, n'kukwatira, iwowa n'kubadwa.

"Pakanapanda bomba lija, ine kukanakhala kulibe!" ankatero akumenya tebulo ndi supuni.

Mayiwo, amene pa utsikana wawo anayendapo m'misewu ndi zikwangwani zokana mabombawa, ankayankha mosatekeseka kuti dziko likanapirira.

Ife antchito tinkati anthuwa amadana. Amanijala anayesapo kuwapatsa matebulo osiyana, koma iwo anangokweza mawu kuti azimvana kudutsa chipinda chonse, mpaka anawabwezera pamodzi. Chimene sitinachione n'chakuti mkangano ukatentha, chakudya m'mbale zawo chinkatha psiti.

Ndiye mwana wa mayi aja anabwera kudzawatenga kuti azikakhala kufupi ndi iye, kutali kumpoto. Bambowo sanatsanzike n'komwe. Anangoti tsopano adya mumtendere. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya.

Ine ndi amene ndinapatsidwa udindo wowayang'anira. Phala ankalilawa kawiri n'kulikankha. Nsomba ndi mbatatesi ankangozisuntha m'mbale ngati akuzifunira malo abwino. Ndinayesa kuwonjezera shuga, ndinayesa kasitadi, ndinayesa kuwaimbira, koma anandipempha mwaulemu kuti nyimbo ndisiye. Lamba wa thalauzi lawo tinamubowola bowo lina. Anesi aakulu, mayi wolimba amene tonse tinkamuopa, anati thupi likapitiriza kutsika chonchi awatumiza kuchipatala. Bambowo chipatala ankachiopa koopsa. Ankati anzawo onse amene anatuluka pa chitseko chija ali pa machira sanabwerere. Nanenso ndinayamba kuopa, chifukwa ndinali nditawazolowera.

Nkhani yawo ija sanaisiye. Ndikakhala pambali pawo ankayamba: "Ukudziwa kuti bomba lija linapulumutsa anthu ambiri kuposa amene linapha?"

"Zoonadi, bambo," ndinkatero.

"Asilikali akanapita kukamenyana pamtunda ku Japan, kukanafa anthu osawerengeka."

"Mukunena zoona, bambo."

Ankandiyang'ana nthawi yaitali, n'kukankha mbale.

Amene anandiwonetsa vuto langa ndi mnzanga wa ku Zambia, tsiku lina tikupinda zofunda. "Iwe, ma yes yes yako yachilamo," anatero, kutanthauza kuti ma "inde" anga anyanya. "Uyankha monga uli pa interview ya visa. Mudala uja safuna custard, afuna fight."

"Ine ndikangane ndi munthu wa msinkhu wa bambo anga? Amayi atamva akhoza kukwera ndege mawa lomwe."

"Ndiye muleke ayende ku hospital na respect yako."

Mawuwo anandilasa. Koma kutsutsa galu n'kukumba, ndipo ine za mabombawa ndinkangodziwa mzere umodzi umene tinaloweza ku sekondale kuti tikhoze mayeso. Ndinayamba kuwerenga pa foni m'basi popita ndi pobwera ku ntchito. Kawiri konse ndinapitirira siteji yanga. Kunyumba ndinapempha amuna anga kuti tiyeserere, iwo akhale mbali ya bomba. Sipanathe mphindi ziwiri anati ndapambana, chifukwa mpira unali utayamba.

Tsiku loyamba ndinalowa m'chipinda chodyera n'kukhala pambali pawo. Bambowo atangoyamba zawo zija, ndinayang'ana pansi n'kunena ndi timawu tating'ono: "Pepani bambo, mundikhululukire, koma mwina, kapena, ena amati Japan inali itatsala pang'ono kugonja kale."

Bambowo anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Wati chiyani?"

Ndinabwereza, nditachotsako "pepani" mmodzi.

Nkhope yawo inafiira psuu. Anagwira supuni, n'kundiloza nayo, n'kundifunsa kuti bodza limenelo ndalitola kuti. Anandifotokozera za akuluakulu a nkhondo a ku Japan amene sankafuna kumva za kugonja, ndipo pakati pa chiganizo supuni ija inalowa m'phala n'kupita kukamwa. Ine maso anali pa supuni, makutu pa nkhondo. Pamene ankamaliza kundisambitsa chokweza, mbale inali itayera ndipo anali akufunsa ngati kwatsala tositi.

Kuyambira pamenepo chakudya chilichonse chinali mlandu. Ndinawafunsa chifukwa chake oponya bombalo sanaliphulitse kaye pamalo opanda anthu kuti a ku Japan aone. Anati nanga likanakana kuphulika, anthu ataitanidwa kudzaonerera? Ndinawafunsa za bomba lachiwiri, loponyedwa patangopita masiku atatu, anthu asanamvetse n'komwe chimene chawagwera. Apo anatafuna nyama nthawi yaitali asanayankhe, ndipo ndinadziwa kuti ndawagwira. Masiku ambiri ankandigonjetsa ndi iwo, koma ndinkapita kunyumba ndikumwetulira ngati ndawina. Ndivomere, makani ndinayamba kuwamva kukoma. Pa msonkhano wina wa kumpingo ndinatsutsa mkulu wa mpingo pa nkhani ya mipando, anthu onse n'kutembenuka kuti aone ngati ndinedi.

Amanijala atamva phokoso anandiitana ku ofesi. Nditawafotokozera anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako analemba m'fayilo ya bambowo kuti pa nthawi ya chakudya azitsutsidwa. Thupi linayamba kubwerera, ndipo nkhani ya chipatala inazilala.

Komabe zimene ndinkawerenga sizinali zoseketsa. Tsiku lina m'basi ndinaona chithunzi cha ana a sukulu a mumzinda umodzi mwa iwiri ija, ndipo ndinazimitsa foni chifukwa ndinaganiza za mwana wanga. Tsiku lina ndinawerenga za akaidi onga bambo awo a bambowa, mmene ankagwirira ntchito ndi njala mpaka kugwa, ndipo ndinazimitsanso. Mpaka lero mukandifunsa kuti wolondola ndani, ndilibe yankho limene ndingagone nalo tulo.

M'mawa wa pa 6 Ogasiti, tsiku limene bomba loyamba linaponyedwa, ndinawaikira phala monga mwa masiku onse. Analikankha. Ndinaopa kuti zija zayambiranso, ndiye ndinatulutsa mfundo yanga yakuthwa kwambiri, imene ndinkaisungira tsiku loipa.

"Lero ayi, mwanawe," anatero motsitsa mawu.

Anandiuza kuti chaka chilichonse pa tsikuli bambo awo sankadya kanthu. Ankakakhala m'kashedi kuseri kwa nyumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osalankhula ndi munthu. Sananenepo kuti bombalo linali loyenera, sananeneponso kuti linali lolakwika. Ankangodziwa kuti anabwerera kwawo chifukwa anthu ena anapsa. Bambo awowo atamwalira, iwo anapitiriza mwambowo okha, osauza aliyense.

"Masiku ena onse ndikhoza kukuwa," anatero. "Lero ndimakhala chete."

Ndinamva chisoni, komanso manyazi pang'ono ndi mfundo yanga yakuthwa ija. Ndinanyamula mbale n'kumapita nayo kukhitchini. Pakhomo ndinakumana ndi anesi aakulu aja. Anayang'ana phala losakhudzidwa, n'kundiuza kuti ndibwerere nalo ndikawakakamize, ngakhale masupuni atatu okha, apo ayi ayitana adokotala.

Anesiwo ndi aakulu kwa ine pa msinkhu ndi pa udindo pomwe, ndipo ndinali ndisanawayankhepo china choposa "chabwino". Ndinawayang'ana m'maso.

"Ayi," ndinatero. "Lero asiyeni. Madzi ndiwapatsa, koma chakudya adya mawa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ine osasuntha. Kenako anapatuka kuti ndidutse, ndipo ndinakataya phalalo, n'kutenga kapu ya madzi kupita nayo pa tebulo lapafupi ndi zenera.