Tsiku Lothira Konkire pa Chidikiro

Ntchito yanga pachipatala cha mishoni inali yosunga makiyi a nyumba ya katundu. Tsoka langa n'lakuti ndimawerenga chilichonse, ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala. Asisitere oyang'anira chipatala anandipeza tsiku lina ndikuwerenga buku lakale la zomangamanga lopanda chikuto. Pomwepo anati, "Ndiye inuyo muziyang'anira ntchito yomanga chidikiro." Munthu woti sindinamangepo ngakhale khola la nkhuku ndinadzuka m'mawa ndili kapitawo.

Chidikiro ndi nyumba yogona amayi oyembekezera ochokera kutali podikira tsiku lawo. Nthawi imeneyo ankayala mphasa pakhonde la wodi, ena a ku Ndunde, ena a ku Kadewere. M'chilimwe zinkatheka, koma mvula ya kuno imabwera ndi mphepo, imawomba pakhonde mpaka kukhoma. Asisitere anandipempha chinthu chimodzi chokha: denga lifoleredwe mvula isanagwe.

Amisiri ndi aganyu onse ndinawatenga m'mudzi umodzi woyandikana ndi chipatala. Ndinkadziona wanzeru: anthu odziwana sakangana, ndipo sachedwa panjira. Buku langa linkafotokoza za mchenga, za njerwa, za simenti. Za maliro munalibe.

Pachipatala anthu amamwalira, ndipo ambiri ndi a midzi yapafupi. Kulira kukamveka kuwodi, mafosholo ankayamba kuyenda pang'onopang'ono. Wina ankapita kukasuzumira. Akabwerako chipewa chili m'manja, ndinkadziwa kuti masiku awiri apita. Anthu anga omwewo ndiwo anali adzukulu okumba manda, onyamula bokosi, ena oimba kwaya. Ndinkatsala ndekha ndi njerwa.

Tinakwawa chomwecho mpaka makoma anafika pamwamba. Panatsala bimu, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma, pokhalira denga. Bukulo linkanenetsa kuti ithiridwe yonse tsiku limodzi. Ndinasunga madzi m'migolo kwa masiku atatu, ndikukangana ndi odikirira odwala pamjigo. M'mawa wake tinasakaniza mulu waukulu, tinathira mpaka theka. Dzuwa lisanafike pamutu, kulira kunamveka.

Mmisiri wamkulu, bambo wa imvi wosakonda kufulumira, anatsika pamakwerero.

"Akapitawo, zovuta zagwa. Atisiya ndi alongo awo a bambo akusakaniza simentiwa."

"Pepani kwambiri, achimwene," ndinatero. "Koma maola awiri okha. Konkireyu akauma theka, ntchito yonse yawonongeka."

"Likutero buku lija?"

"Likutero."

"Analemba bukulo sanaferedwepo." Anaviika mpeni wawo womangira mumgolo n'kuupukuta pathalauza. "Inuyo tsiku lanu likadzakwana, okukumbirani ndife tomwe. Tidzakuuzeni kuti mudikire timalize bimu?"

Anatsetsereka onse kulunjika kuwodi.

Ndinagwira fosholo ndekha. Ndowa zitatu ndinakwera nazo pamakwerero, yachinayi msana unakana. Ndinakhala pansi pambali pa muluwo ndikupuma ngati mvukuto. Amayi apakhonde ankangondiyang'ana. Mmodzi, mimba ili kutsogolo, anati, "Bambo, siyani. Mungayambe ndinu kugonekedwa, mutilande bedi." Anzake anaseka. Inenso ndinaseka, ngakhale kusekako kunkandibaya m'chiuno. Mawa lake ndinavala jekete n'kupita kumaliro, ndinakhala pamwala pamodzi ndi amisiri anga.

Titabwerera tinapeza mulu uja wasanduka thanthwe. Polumikizira pa bimu tinachita kugumula ndi hamala, simenti ina tinaidikira milungu iwiri. Mkati mwa milunguyo munagwa maliro ena awiri, ndipo sindinapemphenso maola kwa munthu.

Mvula yoyamba inatipeza titafolera zipinda ziwiri zokha mwa zinayi, zopanda zitseko. Tinatchinga pakhomo ndi masaka. Anamwino anasankha amayi amene masiku awo anali pafupi kuti alowe, enawo anatsala pakhonde. Asisitere sanandikalipire. Anangoyang'ana kumwamba, n'kundifunsa ngati m'nyumba ya katundu munali mapulasitiki. Ndinapeza awiri ong'ambika. Ndinakawamangirira pakhonde ndekha, amayi akundigwirira chingwe, madzi akunditsikira m'manja mpaka m'khwapa.