Lamulo la a Mamnuu

Dzina lawo lenileni ndi ochepa amene ankalidziwa. Ophunzira ankangowatchula kuti a Mamnuu, mawu a Chiarabu otanthauza choletsedwa, chifukwa mawuwa sankachoka pakamwa pawo. Kalasi yawo inali kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala, mabenchi asanu ndi bolodi yong'aluka pakona. Anaphunzitsamo Chiarabu zaka makumi awiri ndi zisanu.

Iwo Chiarabucho anachitola movutikira, akuyendetsa lole kunja, popanda wowamasulira ngakhale liwu limodzi. Ndiye anabwerako ndi lamulo: chinenero cha kwanu chizitsala pamasitepe. Ukachiyankhula m'kalasi, kaime panja mphindi khumi. Munthu wamakani ngati ameneyu ine sindinamuonepo.

Tsiku lina amene anakwera masitepewo ndi achemwali awo enieni, mayi wosoka zovala, akudzigwira mawondo. Mwana wamkazi wa mayiwo anakwatiwa kudziko la Aluya, ndipo kamdzukulu kobadwira konko sikankadziwa chinenero china. Pafoni gogo ndi mdzukulu ankangosekererana basi. Mayiwo ankafuna chimodzi chokha, kucheza ndi kamwanako.

Sabata yachitatu anakweza dzanja. "Achimwene, ine sindikutolapo kanthu. Tandifotokozereni m'chathuchi kamodzi kokha, zinazo ndidzilimbana nazo ndekha."

A Mamnuu anaona maso onse ali pa iwo. Akalekerera mlongo wawo, mawa anthu adzati kukondera. Analoza chitseko. Abale inu, munthu woti anawabereka kumsana ali khanda! Mayiwo anatola kachikwama kawo, natsika pang'onopang'ono, osabweranso. A Mamnuu ankati mtima ukatsika abwera okha. Zokapepesa ayi, ankaona ngati n'kudzichotsa ulemu.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, mwana wamkazi uja anamwalira pobereka. Uthenga unawapeza a Mamnuu ali m'kalasi, choko chili m'manja. Atathamangira kwa achemwali awo anawapeza atakhala pa mpando wa makina osokera, foni ili pamiyendo.

"Kamdzukulu kaja kanaimba foni kokha, kakulira," anatero mayiwo osawayang'ana. "Ndinafufuza m'mutu monsemu choti ndikauze. Mukudziwa zimene ndinapeza? 'Ili ndi buku. Iyi ndi nyumba. Bukuli ndi lalikulu.' Ndi zomwe ndinatenga kwanu kuja, achimwene. Ndinangobwerezabwereza zomwezo, iko kakulirabe, mpaka foni inaduka."

Masiku ano a Mamnuu amamasulira wophunzira asanapemphe n'komwe, koma za tsiku lija zimawapwetekabe mtima. Mawu onse otonthozera mwana anali nawo, m'zinenero ziwiri. Achemwali awo anali naye mwanayo pakhutu, ali ndi buku ndi nyumba.